Tsiku limene ndinamenya dzanja la Luwiza

Wigston, chisanu chino

Pilirani mwana wanga, ndikudziwa kuti ukadali ndi kamkwiyo pa zomwe ndinachita kumsika wa mu Leicester Loweruka lija. Bambo wogulitsa nsomba uja anali ndi nkhono za m'nyanja m'timatumba taukonde, ine n'kumufunsa kuti zachokera gombe liti, nanga madzi ake anayezedwa liti. Iwe unandikoka jekete n'kunena kuti, "Amayi tiyeni, mukundichititsa manyazi, kuno zinthu amazicheka." Amazichekadi, sindikukana, ndipo bamboyo anandiyankha mwaulemu. Koma pakamwa pangapa sipanafunse mwangozi ayi.

Iwe ndi mlongo wako Dalitso mumandidziwa ngati mayi wosambitsa nkhalamba za ku Oadby, wothamangira basi ya m'mawa chikwama chili paphewa. Simunalakwe, ntchito imeneyo ndinaigwiradi mpaka maondo anakana. Koma ndisanabwere kuno ndinali munthu woyang'ana madzi. Inu munali aang'ono, munatsala ku Blantyre ndi malemu bambo anu chifukwa cha sukulu, ndipo ndikabwera pa holide munkangofunsa kuti kokonati ali kuti. Ndiye ndati ndilembe, popeza ndapuma ntchito ndipo kunjaku kukuzizira ngati m'firiji. Ndilemba za madzi, koma mtima wa nkhaniyi ndi mnzanga Luwiza. Ntchito inandipatsa mnzanga ameneyu, ntchito yomweyo n'kundilanda, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikudikira kuti andilankhule.

Chaka chimene ndinalowa ntchito

Ndinayambira ku Chigwa cha Shire, pa kasiteshoni koyang'anira maiwe a nsomba. Bwana wanga woyamba anali a Nyirongo, bambo wamtali wosadziwa kuseka, amene ankamanga tayi ngakhale dzuwa la ku Nsanje likuwotcha mpaka nkhuku kuyasamula. Tsiku loyamba anadontheza madzi a padziwe pa kagalasi, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pa maikulosikopu ndiwauze zomwe ndaona. Ndinasuzumira kamodzi n'kuti, "Mulibe kanthu, bwana." Iwo anati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khala pomwepo mpaka uone." Ndinakhala, khosi likuwawa, mumtima ndikuwatukwana. Kenako diso linazolowera, ndipo mayo ine, m'kadontho kaja munali mudzi wathunthu! Tina tobiriwira ngati mikanda yotungidwa, tina tonga zipeso, tina tikuzungulira ngati taledzera. A Nyirongo anati timeneti ndi tizomera, abale ake a ndere, kusukulu amati fitoplankitoni. Tinsomba timadya tizomerato, nsomba zazikulu n'kudya tinsomba, ife n'kudya zazikuluzo. "Ukadziwa timeneti," anatero, "wadziwa zomwe anthu adye mawa."

Zipangizo zinkasowa, musaone ngati tinali m'malabu onga akunowa. Babu la maikulosikopu likapsa tinkadikira mpaka kuiwala, ndiye ndinaphunzira kuunikira ndi kalilole ndi dzuwa la pawindo. Ayodini amene timathira m'botolo kuti tizomera tisaole ankatha, ife n'kumakapempha kuchipatala ngati opempha mchere kwa aneba. Nkhondo ya ku Mozambiki itatha kunabwera uthenga wakuti pulojekiti ina ikufuna munthu wodziwa maikulosikopu komanso Chisena, akagwire ntchito kugombe la nyanja yamchere, kufupi ndi kumene Zambezi amathira. Chisena ndinachiyamwa kwa mayi anga. A Nyirongo anapereka dzina langa asanandifunse n'komwe. Bambo anu anati, "Pita, ana ndiwaona, koma usakabwere ukununkha nsomba." Ndinapita, ndipo holide iliyonse ndinkabwera ndikununkha.

Chaka choyamba kugombe

Munthu wokulira kumtunda sangamvetse dziko lija. Mitengo imamera m'madzi amchere, mizu ili pamtunda ngati miyendo ya kangaude, ndipo eni dziko amaitcha mangali. Madzi amabwera n'kudzaza makwawa onse, pakapita nthawi n'kubwerera, kusiya matope akuda ofika m'chuuno. Akaphwa choncho amayi amalowa ndi madengu kukakumba nkhono za zigoba ziwiri zomwe zimabisala m'matopemo. Nkhono zimenezo ndiye ndiwo, ndiye sopo, ndiye yunifolomu ya ana. Ntchito yanga inali yotunga madzi m'makwawa amenewa, kuwasefa ndi kaukonde kosalala ngati nsalu, n'kuyang'ana kuti muli tizomera tanji.

Tsiku loyamba ndinalowa m'matope nditavala nsapato za ku ofesi. Uchitsiru wake! Ndinamira mpaka m'ntchafu, botolo lili m'mwamba, ndikuitana Mulungu m'zinenero zonse zomwe ndinkadziwa. Ndinamva kuseka kumbuyo kwanga, kuseka kwa munthu wopanda chisoni. Anali mayi wamfupi, wamasiye, mawu ngati wenzulo, dengu lili pamutu. "Mlendo," anatero, "matope athu sakonda nsapato. Ponya botolo, gona chamimba, ndikukoke." Ndinakana kuponya botolo. Anandikoka nalo limodzi, nsapato imodzi n'kutsalira pansi, ndipo ikadali komweko. Ameneyo ndiye anali Luwiza. Tinkalankhula Chisena chosakaniza ndi Chipwitikizi, koma pano ndilemba m'Chichewa kuti mumve.

Kuyambira pamenepo ndinkakwera bwato lake popita kumakwawa. Iye ankanditcha mana, ndiye kuti mchemwali, ine n'kumamutcha chimodzimodzi. Malungo atandigwira ndi iye anandisambitsa, akundikalipira kuti anthu ophunzira timadwala mwaulesi. Ndikalira posowa inu ana, ankandipatsa kokonati kuti ndipale, amati manja akatanganidwa maso amauma. Tsiku lina ndinamutengera kusiteshoni kuti aone madzi a khwawa lake pa maikulosikopu. Anatseka diso lolakwika, ndinamukonza, kenako anasuzumira bwinobwino. Atadzuka anati, "Mana, ndiye nkhono zanga zimanenepa ndi mikanda?" Ndinamufotokozera kuti nkhono imakhala m'matope ikuyamwa madzi, n'kumasefa tizomerato. Chilichonse chili m'madzi chimathera m'mimba mwake, chabwino ndi choipa chomwe. Iye anati, "Ili ngati ine, ndimamva za mudzi wonse n'kusunga m'mimba."

Bwana wanga kumeneko anali Senyoro Matiasi, munthu wa mtima wabwino koma woopa akulikulu kuposa ng'ona. Mafuta a boti akatha ankatiuza kuti tipemphere, ayezi akasowa ankatiuza kuti tifulumire. Chaka chotsatira mvula inasefukiza zimbudzi, kolera n'kulowa m'mudzi. Tinasiya mabotolo n'kumayenda ndi azaumoyo khomo ndi khomo. Uthenga unali umodzi: wiritsani madzi, phikani nkhono mpaka zipse, moto umapha zonse. Ine pakamwa ndinali napo, ndinkafuula kuposa onse. Luwiza anaupanga nyimbo uthengawo, amayi n'kumaimba m'matope, ndipo pakhomo pake sipanadwale munthu. Pa nkhani ya kolera tinkanena zoona zokhazokha, ndipo anthu anatikhulupirira.

Chaka cha ukwati wa Rozita

Luwiza anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Rozita, ndipo mnyamata wa kutauni ya kumtunda anamufunsira. Luwiza anabwera kwanga atavala nsalu yatsopano n'kundipempha kuti ndikhale madirinya, ndiye kuti mayi woimira mkwatibwi kutchalitchi, amene amakhala ngati mayi wake wachiwiri moyo wonse. Ndinalira, iye n'kundiuza kuti ndisiye kunyowetsa mphasa. Koma mtima wake sunali pansi. Akuchimuna ankanyoza anthu akugombe, ankawatcha a m'matope, ndipo azakhali a mnyamatayo anali atafunsa kale ngati alendo akadye nkhanu zosaphika. Luwiza analumbira kuti adzawaphikira nkhono za mkaka wa kokonati ndi mpunga, zomwe mudzi wonse unkadziwa kuti palibe womuposa. "Adzanyambita zala, mana," ankatero, "kenako adzapepese."

Sabata ya ukwati, mvula itasiya, kunabwera masiku otentha opanda kamphepo. Madzi a m'khwawa la Luwiza anasintha mtundu, anakhala ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tinsomba tinayamba kuyandama chagada m'mizu ya mangali. Nditayang'ana dontho lake, mikanda yanga ija munalibe. Munadzaza mtundu umodzi wokha, timipira tolumikizana ngati tcheni, tikusambira pamodzi. Ndinatsegula buku lathu la zithunzi. Tinkafanana kwambiri ndi mtundu umene umapanga poizoni. Nkhono ikadya timeneti siifa ayi, imangosunga poizoniyo. Munthu akadya nkhonoyo milomo imachita dzanzi, kenako manja, kenako chifuwa chimakana kupuma. Chipatala chokhala ndi makina othandiza kupuma chinali kutali, ulendo wa boti, ndipo boti linalibe mafuta.

Ndinathamangira kwa Senyoro Matiasi kuti alengeze kuti khwawa latsekedwa. Anayang'ana pa maikulosikopu nthawi yaitali, n'kupukuta thukuta. "Dona Esitere," anatero, "mwina mukunena zoona. Koma mitundu imeneyi imafanana, ina ilibe vuto. Sindingachotse ndiwo pakamwa pa mudzi wonse ndi diso lanu lokha. Titumize madzi ndi nkhono kulikulu, akatiyankha tilengeza." Ndinati, "Bwana, akulikulu akamayankha ife tidzakhala tikukumba manda." Anandiuza kuti ndichepetse mawu. Sindimuda bambo uja, lamulo linalidi choncho, ndipo iye anali ndi ana ofuna sukulu ngati ine.

Ndinapita kwa Luwiza masana omwewo. Ndinamupeza akutsuka madengu a nkhono zomwe anali atakumba kale, zonenepa, zosankhidwa imodziimodzi. Ndinamuuza zonse. Anandimvetsera, kenako anaseka. "Aa, mana, ndiye chikukuvuta n'chimenechi? Tiwiritsa. Si iwe unatiphunzitsa kuti moto umapha zonse?" Ndinati zija zinali za kolera, kolera ndi kachilombo kamoyo, moto umakapha. Izi ndi zina, poizoni alibe moyo woti uphe, ngakhale uwiritse mpaka nkhuni zithe amakhala momwemo. Anandiyang'ana ngati ndikumusinthira Baibulo. Ndinamugwira manja, ndinamupempha, ndinamuuza kuti abakha anga onse ndimupatsa aphikire alendo. Pomaliza anati, "Ndamva, mana." Ine ndinapita mtima uli m'malo. Ndinali nditakhala nawo anthu aja nthawi yokwanira, koma tsiku limenelo ndinaiwala kuti munthu akati ndamva, nthawi zina akungofuna kuti ukhale chete.

Tsiku la ukwati ndinachoka m'mamawa ndi Rozita kupita kutchalitchi, ndikumukonza chophimba kumutu, ndikumuuza kuti asayang'ane pansi ngati wakuba. Titabwerera pakhomo dzuwa lili paliwombo, nthungululu zili ponseponse, fungo linandimenya ndisanalowe kumpanda. Kokonati, adyo, ndi nkhono. Ndinalowa mofulumira. Pakati pa bwalo, kutsogolo kwa mphasa ya akuchimuna, panali mphika waukulu ukufuka nthunzi, abakha anga ali m'kamphika kena pambali. Luwiza anandiona n'kundinong'oneza, akumwetulira ndi mtima wonse, "Usaope, ndawiritsa kawiri, madzi oyamba ndataya."

Mukudziwa mwambo wathu, kumeneko ulinso. Alendo olemekezeka asanadye, mwini khomo amalawa poyera, onse akuona, kusonyeza kuti m'chakudya mulibe choipa. Kwathu timati kuchotsa ufiti. Luwiza anagwada kutsogolo kwa azakhali aja, anawomba m'manja, n'kutunga chipande chodzaza, nkhono ndi msuzi womwe. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwa mkwatibwi, nditanyamula maluwa ake. Ndinaona chipande chikukwera kupita kukamwa kwake. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikamuletsa pamenepo ndamuvula pamaso pa anthu amene ankafuna kuwagonjetsa. Ndinkadziwanso kuti mwina diso langa lalakwa, monga ananenera bwana. Koma milomo imene inkayandikira chipandecho inali ya Luwiza, ndipo pambuyo pake akanadya Rozita ndi bwalo lonse. Ndinaponya maluwa, ndinalumpha, n'kumumenya dzanja. Ndinamenyadi, osati kukhudza. Chipande chinagwera uko, msuzi n'kuthira nsalu ya azakhali.

Ng'oma zinasiya. Azakhali anayang'ana nsalu yawo, anayang'ana mphika, n'kufunsa mofatsa, "Kodi mumphikamu muli chiyani, poti madirinya akukaniza mwini wake kulawa?" Ine wa pakamwa ndinayankha ndisanaganize, "Muli poizoni." Kalanga ine, mawu amenewo! Ndinayesa kuwonjezera kuti si wa munthu, ndi wa m'madzi, wa tizomera tosaoneka ndi maso, koma ndani akanamvera za tizomera? Anthu anali atamva zoti mayi wa mkwatibwi waphikira akuchimuna poizoni, ndipo mnzake wapamtima wamuyalutsa. Popeza zinali zitaipa kale, ndinamaliza. Ndinagwira mphika ndi nsalu yanga ya ukwati, n'kuukokera kuseri kwa nyumba, n'kukhuthulira m'dzenje la zinyalala, n'kukwirira ndi mchenga kuti agalu ndi ana asafike.

Nditabwerera Luwiza anali akadali chogwada, atagwira dzanja lake. Sanalire, sanakalipe. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, kukalipa kwake ndinkakudziwa. Anadzuka, anakonza nsalu, n'kunena mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo wa boma, "Dona Esitere, zikomo kwambiri pobwera." Ukwati unapitirira ndi mpunga ndi abakha, koma akuchimuna ambiri sanadye, anati akhuta. Ine ndinakhala pampando wa madirinya mpaka mapeto, chifukwa Rozita anandigwira mkono osandisiya.

Zotsatira zake n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Zomwe tinatumiza kulikulu zinafika zitaola, poti ayezi anasungunuka panjira ndipo ayodini anali wochepa. Anatiyankha kuti sangayeze, titumize zina, pamene madzi anali atayera kale. Ndiye palibe ananditsimikizira kuti ndinalondola, palibenso ananditsimikizira kuti ndinalakwa. M'mudzi simunadwale munthu, koma n'chifukwa chakuti mbiri ya mphika uja itamveka, aliyense anaopa nkhono kwa nthawi ndithu. Khwawa limene bwana analephera kulitseka linatsekedwa ndi miseche, ndipo amene anasenza misecheyo anali Luwiza. Pamsika anthu ankadumpha dengu lake. Akuchimuna sanadyenso pakhomo pake, ngakhale mdzukulu atabadwa. Ndinayenda kutchalitchi, pachitsime, pamsika, ndikufotokoza kuti mayiyu alibe mlandu, mpaka ena anamva. Koma mbiri yoipa ikalowa m'mudzi situluka yonse.

Ndinapita kwake kambirimbiri. Ankandiyalira mphasa, kundipatsa moni wa alendo, n'kukhala chete mpaka nditatopa. Bwato lake sindinakwerenso. Mukandifunsa ngati ndikanachitanso, ndikuuzani mosabisa kuti inde, ndikanamenyanso dzanja lomwelo. Koma kudziwa zimenezo sikunandichotsere kusungulumwa. Pulojekiti itatha ndinakatsanzika, iye anati, "Muyende bwino," n'kupitiriza kupala kokonati.

Zaka za ku Leicester

Zotsalazo mukuzidziwa. Bambo anu anatisiya, iwe Pilirani unapeza ntchito ya unamwino kuno, Dalitso n'kutsatira ku Loughborough ndi zamainjini zake, ine n'kubwera pambuyo. Ndinaseka nditamva kuti mzinda uno uli kutali ndi nyanja mbali zonse. Mulungu ali ndi nthabwala, munthu wa makwawa kumuika pakati penipeni pa mtunda! Mapepala anga a labu kuno sanawawerengere, anati ndibwerere kukoleji, ine ndi imvi zanga. Ndiye ndinalowa ntchito yosamalira okalamba ku Oadby, mashifiti aatali, manijala wachitsikana wonditcha dzina langa loyamba ngati tinasewera limodzi. Poyamba zinkandinyansa, kenako ndinamukonda, anali ndi mtima mwana uja. Madzi okha amene ndinkayeza anali a m'bafa, kuti asawotche nkhalamba.

Kunali mayi wina wokalamba kwambiri amene manja ake ankanjenjemera, supuni siinkafika kukamwa. Ndinkamugwira dzanja n'kuliperekeza pang'onopang'ono mpaka supu alowe. Tsiku lina ndikuchita zimenezo misozi inangotsika yokha. Mayiyo anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro kwathu. Ndinati ayi, ndangokumbukira mnzanga. Anandisisita tsaya ndi dzanja lonjenjemeralo n'kundiuza kuti ndimuimbire foni. Ndinati zikomo, koma mnzangayo foni yanga sangailandire.

Rozita yekha sananditaye. Madirinya ndi madirinya, amatero. Mafoni atafika kugombe anayamba kunditumizira mawu ndi zithunzi za ana. Ukwati wake unalimba, ndipo anabwerera ndi mwamuna wake kukakhala kumudzi, iye n'kukhala mtsogoleri wa amayi okumba nkhono. Nthawi zonse ndinkamaliza ndi mawu omwewo, "Upereke moni kwa mayi ako." Iye ankati, "Ndipereka, amayi." Sananene kuti moni wabwezedwa, ndipo ine sindinafunse. Chaka china ndinamutumizira Luwiza juzi yofiira, poti kugombe mwezi wa Juni kumazizira. Rozita anati amaivala tsiku lililonse, koma akafunsidwa kumene inachokera amati inagwa kumwamba.

Sabata yatha

Ndinali nditaika cholembera pansi, ndikuganiza kuti mutu uno wathera pa juzi. Lachitatu masana, ndikumwa tiyi kukhitchini, iwe Pilirani uli m'tulo pochokera kushifiti, foni inalira. Anali Rozita, pa vidiyo, ataima m'bwato. Mwana wake woyamba akukwatiwa mvula ikatha, zimenezo anali atandiuza kale. Anatembenuzira foni kumadzi. "Amayi, taonani khwawa. Mukuliona bwanji?" Madzi anali ofiirira, mizu ya mangali ili mbuu. Ndinamuuza zoona, kuti pafoni sindingadziwe, mtundu wokha sunena zonse, nthawi zina ndi matope a mumtsinje chabe. Koma atunge m'botolo apititse kwa azaumoyo, ndipo asakumbe mpaka ayankhe. Iye anati, "Taleka kale kukumba kuyambira dzana. Mayi anga ndi amene anatiletsa. Iwo ndi amene anati ndikuimbireni."

Ndinaika kapu pansi. Foni inagwedezeka, ndinaona thambo, ndinaona phazi, kenako nkhope. Kankhalamba kakang'ono, kopanda mano akutsogolo, maso atachita ng'ala, katavala juzi yofiira dzuwa likuswa mtengo. Anayandikitsa foni mpaka ndinkangoona mphuno.

"Ali mmenemu?" kankhalambako kanamufunsa Rozita. Mawu anali omwe aja, wenzulo.

"Ndili muno," ndinatero.

"Iwe," anatero Luwiza, "dzanja lija limawawabe kukazizira. Unkamenya ngati ukupha njoka."

Ndinafuna kunena zambiri zomwe ndakhala ndikukonza zaka zonsezi m'basi ya ku Oadby, koma zonse zinathawa. Ndinangoti, "Mana." Iye anati ndisayambe kulira, foni ya mwana ingalowe madzi. Kenako anatsokomola n'kunena kuti, "Tamvera. Sindikudziwa ngati mumphika muja munali kanthu, iwenso sukudziwa. Ndakwiya mpaka ndatopa. Anzanga onse a m'matope anapita, watsala ndiwe wondimenya. Pa ukwati uno tipha mbuzi. Ine maso awa saona, manja akugwetsa zinthu, sindingagwade kutsogolo kwa alendo. Pakufunika mwini khomo woti alawe."

Ndinati, "Rozita alipo."

"Rozita ndi mwana," anatero. "Ndati mwini khomo. Ukapanda kubwera alendo akhala ndi njala, ndipo ndidzawauza kuti ndi iwe kachiwiri."

Netiweki inaduka pomwepo. Ndinalira mokweza mpaka iwe Pilirani unatsika masitepe ukuthamanga, ukuganiza kuti ndagwa. Wandiuza kuti ulendo ndi wautali, ndege ziwiri, basi, kenako boti, ndipo adokotala sangakondwe ndi maondo angawa. Dalitso naye waimba foni, akuti ndidikire chaka chamawa adzandiperekeze. Ana anga, ndakumvani, ndipo mukudziwa tsopano tanthauzo lake munthu akatero. Luwiza alibe chaka chamawa choti andisungire, inenso sindikudziwa ngati ndili nacho. Bukitsani tikiti. Ndikagwada pabwalo lija ngakhale pafunike anthu awiri ondidzutsa, ndipo ndikalawa.